M'mphepete mwa Zigamulo

Lachisanu lililonse, chikepe cha ku Cerro Alegre chisanadzuke,
mnyamata wa njinga amandiponyera mtolo pakhomo:
zigamulo za sabata ino,
zikununkha inki ndi mchere wa padoko la Valparaíso.
Ine Herminia Olate, zaka makumi atatu ndi zinayi
ndikulemba m'mphepete mwa mawu a oweruza
ndi cholembera chofiira chimene chandimeretsa chikanga pachala.

Choyamba n'cha Baldomero Quezada,
amene chingwe cha sitima chinamudula zala ziwiri.
Khoti lawerengetsera: chamkombaphala mtengo wakuti,
chapakati kutsikirako pang'ono.
Masamuwo ndawayesa kawiri, ngolondola.
Koma m'ndime zonse khumi ndi zisanu ndi ziwiri
mulibe yonena kuti bamboyu ankaimba gitala pa maukwati.
Ndalemba kuti, Lamulo latsatidwa.
Ndafufuta.
Ndalembanso pomwepo, pepala litayamba kale kubooka.

Chachiwiri n'cha chuma chamasiye.
Fresia ndi mlongo wake Nibaldo, nyumba yamalata pamwamba pa phiri,
mlandu wa zaka zisanu ndi zinayi.
Nyumbayo inapsa m'chaka chachinayi,
mafayilo okha ndiwo anapulumuka, ankagona kukhoti.
Lero agawiridwa mwachilungamo:
wina theka la phulusa, wina theka la phulusa,
masitepe akhale a onse.
Amati mlandu suola.
Zoona, suola. Amaola ndi amene akuudikira.

Ndathira khofi. Wazizira ndisanamukhudze.

Kampani ya mchere yapulumuka msonkho wa zaka zitatu
chifukwa cha mpatuliro umodzi,
kachizindikiro kochepa ngati mwendo wa nyerere
kamene mlembi wina anakaika molakwika ali ndi tulo.
Maloya asanu ndi mmodzi anakanyamula pamapewa
mpaka kukhoti lalikulu ku Santiago.
Tsamba lotsatira:
Eleuterio, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
mawaya amkuwa odzaza chikwama cha kusukulu,
loya mmodzi wa boma, mphindi khumi ndi ziwiri,
miyezi makumi awiri.
Masamba awiriwa agundana misana mumtolo umodzi.
Sindinawonjezepo kanthu, ndangokoka mzere
kuchokera uku kufika uku.

Komatu musati ndine wolira maliro okhaokha.
Taonani ichi cha ku Quillota:
makolo akukokana mwana ngati nsalu ya pamsika,
woweruza atatha ndime zake zazitali za malamulo
anatembenuka n'kulembera mwanayo:
"Maite, sunalakwe ndiwe.
Lachitatu uzikasambirabe, ndawauza onse awiri,
ndipo galu uja azipita komwe iwe ukupita."
Apa cholembera changa chinaima.
Ndani angakonze chimenechi?
Ndinangovula magalasi, n'kuyang'ana sitima
zikudikira nthawi yake yolowa padoko.

Madzulo ndatsika kukagula nsomba kwa Zunilda.
Wandikulungira m'nyuzi ya sabata yatha,
dzina langa lanyowa, mamba amata pa mutu wankhani:
Ndemanga pa za Malire a Minda.
Akuti, Mayi a zamalamulo, mlandu wa mitengo ya mapeyala uja,
anapambana ndani?
Ndayamba: Zimatengera mmene ukuwerengera ndime yachisanu...
Waseka mpaka wagwira m'nthiti.
Inetu ndafunsa kuti ndani akudya mapeyalawo!

Ndakwera masitepe zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi,
nsomba kukhwapa, funsolo pamsana.
Pofika pamwamba mpweya unali utandithera,
koma ndinatsegulanso cha Baldomero,
pansi pa "Lamulo latsatidwa", pomwe pepala labooka,
ndinalemba tizilembo ting'onoting'ono:
Gitala ija ili kwa ndani tsopano?